Kamzere Kofiira ka Achimwene

Kanyoni, Kabudula
8 Okutobala 2024

Achimwene a Mathias,

Galimoto ija ikufuna kufa, ndipo ikafa ine ndikudziwa amene adzatsatire, ndi Jessie. Pepani ndayamba ndi zimenezi moni ndisanapereke. Muli bwanji kumeneko ku Ndirande, inu ndi alamu anga a Bernadette? Kuno tilipo, amayi akungodandaula mabondo monga mwa masiku onse.

Ndalemba pa pepala la m'kope, a Lydia oyandikana nafe ajambula ndi foni yawo kuti likupezeni. Foni ya m'nyumba muno mukuidziwa, imakhala m'thumba mwa bambo a Jessie, ndipo nkhani iyi sindikufuna aimve kaye.

Injini yayamba kulira kulira kwina. Sikuti nthawi zonse ayi. Pamalo abwino imayenda bwinobwino, mwinanso kuposa kale, moti bambo a Jessie akusangalala, akuti tsopano kagalimoto kadzuka, anthu pa Nsaru akumasiya maminibasi kudikira iwo. Koma tikangowoloka kamlatho ka pa dambo la Kanyerere, pokwera paja, akaponda mafuta, mkatimo mumamveka tyetyetyetye, ngati mtedza wouma ukukhuthulidwa m'ndowa yachitsulo. Akachotsa phazi zimaleka. Ndawauza kawiri. Koyamba anati ndi masipanala ali m'buti. Ndinatulutsa masipanala onse ndi jeke yemwe, n'kusiya pakhonde. Mawa lake chimodzimodzi. Kachiwiri anangokweza wailesi.

Mwina mundiseka kuti wa sitandade sikisi akudziwa chiyani za injini. Zoona sindidziwa. Koma khutu langa linaphunzira, achimwene. Zaka zitatu izi ndakhala ndikumvetsera chifuwa cha mwanayu, mphumu ikamabwera ndimadziwa iye mwini asanayambe kutsokomola. Chinthu chikamalira mosayenera ndimamva.

Simunaiwale za chaka chatha, mmene tinamunyamulira pa njinga mpaka ku chipatala cha Kabudula, maola awiri, n'kufika milomo itada bii. Ndi chifukwa chake munakonza kagalimoto aka n'kutipatsa. Munati masiku onse kazinyamula anthu, koma ntchito yake yeniyeni ndi Jessie. Panopa kwatentha, anthu ayamba kusosa, utsi wa mapesi uli ponseponse, fumbinso osanena. Nyengo yake ndi inoyi. Mankhwala opopera m'kamwa aja ndikagwedeza akumveka kuti atsala pang'ono.

Mundiuze, kodi kulira kumeneku n'koopsa kapena ndi mantha anga chabe? Ngati ndi mantha mungonena, mtima ukhale pansi.

Ine mlongo wanu,
Benedeta

*

Ndirande, Blantyre
10 Okutobala 2024

Bene,

Moni wako ndalandira ngakhale wabwera kumbuyo ngati mchira. Tili bwino. Alamu ako akuti umuuze Jessie kuti diresi lake lasokedwa, latsala mabatani. Amayi uwauze aleke kupita kudimba ndi mabondo amenewo, ngakhale ndikudziwa kuti sangamve.

Za kulirako usade nkhawa kwambiri. Kagalimoto kaja n'kakale kuposa iweyo, ndipo misewu ya kwathuko imamasula ngakhale mano a munthu. Pansi pake pali kachitsulo kopyapyala kotchinga kutentha kwa ekizozi, kamakonda kugwedera. Ndikuganiza ndi kameneko. Bambo a Jessie akwawire pansi, akamange ndi waya, basi.

Kulipo kulira kwina koipa kofanana ndi kumene ukunenako, koma pa injini imeneyo sikungachitike, chifukwa ndinaitchera ndekha ndi manja anga ndipo ndinasiya mpata wokwanira. Komabe poti khutu lako ndimalidziwa, paja unkandimva ndikutsegula chitini cha shuga iwe uli kuchitsime, undichitire kanthu kamodzi. Tsegula boneti injini itazizira. Kumbali kwa injini kuli chinthu chonga kapu yakuda, mmene mukutuluka zingwe zonenepa zinayi zopita ku mapulagi. Imeneyo ndi disitibyuta. Patsinde pake, pafupi ndi bawuti, ndinajambula kamzere kofiira ndi kyutekisi wopaka zikhadabo wa alamu ako, mpaka lero amandikumbutsa. Kamzereko kayambira pa disitibyuta n'kutsikira pa thupi la injini. Uone ngati kali kamodzi, kowongoka. Ngati kali choncho ndiye ndi kachitsulo kaja, ugone tulo.

Kuno ntchito yachuluka, abwana alandira magalimoto asanu ndi awiri a kampani ina ndipo akuwafuna onse pa msewu mwezi uno usanathe. Ndibwera zikatha zimenezi.

Mathias

*

Ndirande
14 Okutobala 2024

Bene,

Masiku anayi zii. Ndiye kuti kamzere unakapeza kali bwino, eti? Ndinadziwa. Munthu akakhala pa mavuto amalemba tsiku lililonse, zikayenda amaiwala kuti ali ndi mchimwene. Palibe kanthu, tinazolowera. Alamu uwapatse moni, uwauze asamaiwale kuyang'ana oilo m'mawa, injini za tabo sizigwirizana ndi ludzu.

Mathias

*

Kanyoni
15 Okutobala 2024

Achimwene,

Kamzere kaja palibe.

Makalata anu onse awiri ndawawerenga dzulo madzulo. A Lydia anapita ku maliro ku Namitete ndi foni yawo, anakhalako masiku anayi, ine kuno ndimangoyang'ana kunjira. Sindinakuiwaleni ayi. Lero m'mawa ndatsegula boneti bambo a Jessie ali kosamba. Kapu yakuda ndaipeza, zingwe zinayi ndawerenga, bawuti ndaiona. Koma pamene munati pali kofiira pali mbee, pakuwala ngati sefuliya yokwecha ndi mchenga.

Sindinathe kusunga. Atabwera kudzatsuka galimoto ndinawafunsa kuti, "Bambo a Jessie, kofiira kaja kanapita kuti?" Anayamba aseka, kenaka anakwiya, kenaka ananena zonse, paja iwo akakwiya ndi pamene amalankhula zoona.

Mukukumbuka tsiku munabweretsa galimoto, mudzi wonse utazungulira? Munatsegula boneti, n'kuloza pamenepo, n'kunena kuti, "Apa ndamanga ndine, pasakhudze munthu." Inu munangonena n'kukwera basi kubwerera ku Blantyre. Mawuwo anatsala kuno ndipo anabereka ana. Pa siteji ya Nsaru anzawo oyendetsa akhala akuwaseka chaka chonse. Akawapitirira pa msewu amakuwa kuti, "Mkamwini, mbuzi yapachingwe! Alamu ako anayeza chingwe kuti chizingofika pa Kabudula, ungathawe nayo kwanu ku Dowa!" Ena amati kofiirako si penti, ndi magazi a nkhuku, munapita nayo kwa sing'anga. Ine ndinati, "Ndi kyutekisi wa alamu a Bernadette." Iwo anati, "Nanga bwanji sanandiuze ineyo chifukwa chake? Ndine mwana ine?"

Ndiye masabata atatu apitawa anapita kwa a Nasoni, makaniko amene amakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo pa Nsaru. Akuti a Nasoni anamasula bawuti injini ikulira, n'kumapotoza kapuyo pang'onopang'ono atatsinzina, mpaka injini inalira mokweza, mwamphamvu, anthu n'kuwomba m'manja. Amvekere, "Mwaimva? Inali yomangidwa iyi." Kofiirako anapala ndi sandipepa, ati chingwe chidukiretu.

Chinanso. Pa filing'i petulo sakupezeka, akabwera mzere wake umagona masiku awiri. Iwo akumagula wa m'zigubu kwa mavenda a m'mbali mwa msewu. Ndinanunkhiza chigubu china, fungo lake lili ngati la koloboyi. Kaya zimenezi zikukhudzana, ine sindikudziwa.

Kachitsulo ka pansi kaja anakamanga kale ndi waya mwezi wa Juni, si kameneko.

Jessie watsokomola kawiri m'mawa uno koma akusewera. Akuti diresilo likhale ndi thumba.

Benedeta

*

Ndirande
16 Okutobala 2024

Bene,

Ndinalakwa kukuuza kuti ugone tulo. Khutu lako linanena zoona. Werenga bwino, uwerengenso, ndipo ukapeza mpata uwaonetse alamu.

Ukudziwa mmene mumasinjira awiri mu mtondo umodzi. Munsi wina ukamatsika, wina umakhala ukukwera. Mmodzi akangofulumira pang'ono, minsi imagundana. Injini ndi chimodzimodzi. Pisitoni imakwera kupanikiza petulo ndi mpweya, pulagi n'kuyatsa moto, motowo n'kuikankhira pansi. Nthawi yoyatsira motoyo ndi imene timaitcha taimingi. Ukafulumiza pang'ono galimoto imakhala ndi mphamvu, ndi zimene alamu akusangalala nazozo, sakunama. Koma ukapitiriza, moto umaphulika pisitoni ikadakwera, n'kumaimenya pamutu ngati nyundo. Mtedza ukuumva m'ndowawo ndi nyundo zimenezo.

Tsono galimoto iyi ili ndi tabo. Tabo ndi mvukuto, imapopera mpweya wambiri mu injini, moto n'kumayaka mwaukali ndi mofulumira. Pa galimoto wamba a Nasoni akhoza kutchera ndi khutu n'kupulumuka. Pa ya tabo ayi, chifukwa itaima pansi pa mango mvukutowo sukupopa. Imalira mokoma pamenepo, n'kukadzipha pa chitunda. Onjezapo dzuwa la Okutobala, anthu asanu ndi matumba awo, ndi petulo wosakaniza ndi palafini amene amaphulika yekha asanauzidwe. Pisitoni ikhoza kubooka pa chitunda chimodzi chokha.

Injini zimenezi zimabwera ndi kakhutu kakekake, kamene kakamva kulira kotere kamabweza taimingi. Ka iyi kanafa kalekale, ndinasakasaka kena osakapeza. N'chifukwa chake buku limati madigiri teni, ine ndinaika pa seveni, ndi nyali yoyezera, podziwa mafuta a kwathuko. Kamzere kaja kanali ka zimenezo, kuti bawuti ikamasuka m'mabampu munthu adziwe pobwezera. Tsopano kakhutu katsala ndi iwe.

Mpaka ndibwere, pa chitunda asaponde mpaka pansi, ndipo asakwere ndi giya folo injini ikubuula. Abwerere ku thu kapena firii, phazi lopepuka, tabo isamveke kuimba mluzu. Kulirako kukangoyamba phazi lichoke nthawi yomweyo, osadikira kuti tafika kale pamwamba. Katundu achepetse. Petulo wa m'chigubu ayi, kuli bwino kugona pa mzere.

Ngati akukana kuti sakumva kanthu, chita izi. Tenga pampu ya njinga yakutha, uchotse zam'kati, utsale ndi chitsulo chabowo. Mbali imodzi uiphwanye ndi mwala ikhale yophwatalala, uimange zolimba ndi waya kuti igunde thupi la injini, kutali ndi ekizozi ndi malamba. Mbali inayo uvekemo paipi ya kudimba, idutse pawindo mpaka pa khutu. Ifenso kuno timachita zomwezo, kungoti timagwiritsa ntchito kapaipi ka chitsulo cha kopa. Ndi paipi imeneyo ngakhale gonthi amamva.

Disitibyuta musaigwirenso. Kubweza mongoyerekeza, kamzere palibe, munthu akhoza kupotozera kolakwika, kapena kupitiriza mpaka tabo kufiira ngati khasu la pa ng'anjo. Ifunika nyali. Ndapempha abwana, akuti pa 2 Novembala, osati tsiku lina.

Mathias

*

Nsaru
19 Okutobala 2024

Olemekezeka alamu a Mathias,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ine ndili bwino, galimoto ilinso bwino.

Ndalemba ndekha kuti musavutikenso kudzera pa foni za eni ake. Nambala yanga muli nayo. Nkhani ya m'nyumba mwanga ndaimvera kwa amuna awo a Lydia pa bawo, mkazi wanga asanandiuze.

Dzulo m'mawa ndapeza amake Jessie atalowetsa mutu m'boneti, m'manja muli waya wa m'chigafa, pampu yanga ya njinga ataiphwanya ndi mwala. Sinali yakutha. Anthu anali akudikira kale, ndinalibe nthawi yomasula, ndinapita nazo choncho pa siteji paipi ili lende. Panopa Nsaru yonse ikuti galimoto ya Owen ili pa diripi. Zikomo kwambiri.

Malo anga ndikuwadziwa. Ndimakhala pamudzi panu, ndimalima munda wa amayi anu, galimoto ndi thukuta lanu. Sindinaiwale ndipo sindingaiwale, poti ondikumbutsa ndi ambiri. Koma munthu ukamupatsa khasu sumuyezera pokwezera mkono.

Mukuganiza kuti ndinapita kwa a Nasoni chifukwa chosekedwa. Kusekedwa ndinazolowera. Tsiku lija la njinga inu munali ku Blantyre. Amene ankapalasa ndine, mwana ali ku msana kwa amake kumbuyo kwanga, ndikumumva akukoka mpweya ngati akuyamwa bango lotsekeka. Mitengo yonse ya mu msewu umenewo ndinaiwerenga. Galimoto mmene munaisiyira, kuchoka pakhomo kufika pa geti ya chipatala zinali mphindi makumi anayi. Ndinayesa kangapo ndi wotchi. Panopa ndi makumi atatu. Mphindi khumi zimenezo si za pa siteji, ndi za mwana wanga. Inu ndinu atsibweni ake, chabwino, koma bambo ake ndine.

Kulira mukunenako ine sindikukumva. Injini iliyonse imalira.

Ndatha ine mlamu wanu,
Owen Kalumbu

*

Ndirande
20 Okutobala 2024

Alamu,

Kalata yanu ndaiwerenga nditakhala pa tayala.

Mwanena zoona. Tsiku lija ndinalankhula ngati mwini mbumba pamaso pa anthu, pamene ndikanakutengerani pambali, amuna awiri, n'kukuonetsani chifukwa chake. Ndinali ndi changu cha basi, komanso kamatama, ndisabise. Pepani. Za chingwe ndi magazi a nkhuku sindinkazidziwa. Ku Dowa mukafuna kupita nayo pitani, mungondibweretserako nzimbe. Pampu ndigula ina.

Sindinaganize kuti munayesa ndi wotchi. Mphindi khumi zimenezo inenso ndikuzifuna. Koma zikuchokera pamutu pa pisitoni, tsiku lililonse ikudyeka pang'ono. Ndipo sidzabooka tsiku la matola, pamene mukuyenda mukucheza. Idzabooka tsiku limene mudzaponde kuposa masiku onse, ndipo inu ndi ine tikudziwa kuti tsikulo ndi liti. Mudzakhala pa Kanyerere utsi uli tolo, njinga ili kunyumba.

Musandikhulupirire ine, musamukhulupirirenso Bene. Pitani nokha pa chitundacho popanda wokuonani, zimitsani wailesi, ikani paipi pa khutu, pondani kamodzi, kamodzi kokha, n'kuchotsa. Kenaka injini ikazizira mumasule mapulagi, muyang'ane koyera kuja pafupi ndi nsonga. Mukaona timadontho takuda ngati tsabola wopera, kapena tonyezimira, dziwani kuti nyundo zija zayamba kale kugwira ntchito. Mukapanda kumva kanthu kapena kuona kanthu, ndidzabwera pa siteji kudzapepesa pamaso pa anzanuwo, a Nasoni alinso pomwepo.

Ndikadzabwera tidzatchera awiri, nyali mutagwira inu. Tidzayambira pansi, n'kumakweza digiri imodzi imodzi, kukwera chitunda, kumvetsera, mpaka pamene injini yayamba kudandaula, kenaka n'kubwerera madigiri awiri kapena atatu kuti pakhale mpata wa dzuwa ndi mafuta oipa. Mwina mphindi zitatu tingazipeze. Khumi ayi.

Mlamu wanu,
Mathias

*

Chipatala cha Kabudula
24 Okutobala 2024

Achimwene,

Jessie wagonekedwa, koma ali moyo, akupuma. Ndayamba ndi zimenezo kuti musagwetse foni. Moni nonse.

Zinachitika dzulo masana. Chiyambire Lamulungu bambo a Jessie sananene kanthu za kalata yanu, ine ndimayesa akwiyiratu. Lachiwiri anatuluka okha ndi galimoto popanda wokwera, anabwerako msanga, chakudya sanadye. Dzulo sanapite ku siteji, anati mutu. Anangokhala pa mthunzi pafupi ndi galimoto, akusema mpini umene sitikuufuna n'komwe.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, a munda wa kumtunda anayatsa mapesi, mphepo n'kubweretsa utsi wonse pakhomo. Ndinamutsekera mwana m'nyumba koma unali utalowa kale. Ndinamva kamluzu kaja m'chifuwa. Ndinapopera kawiri, kachitatu munangotuluka mpweya wokha. Pakhosi pake panayamba kulowa mkati akamakoka. Sindinaitane munthu, mmene ndimatuluka naye pakhomo injini inali italira kale.

Ndikulowa kumbuyo ndinaona paipi ija ili pawindo. Ine ndimayesa anaitaya. Anandipatsira osandiyang'ana, anati, "Amake Jessie, gwirani. Muzindiuza."

Ulendo umenewo sindidzauiwala, achimwene. Khutu lina ndinaika pa paipi, lina pa chifuwa cha mwana. Pamalo abwino paipi imangoti wuuu, ngati chigayo chakutali. Titawoloka kamlatho ka Kanyerere iwo anaika giya thu, phazi lopepuka monga munanenera, galimoto n'kumakwera ngati nkhalamba. Wa njinga yamoto wina wa pa siteji anatipitirira, n'kucheuka, amvekere, "Mbuzi yapachingwe, lero ili pa diripi!" Bambo a Jessie anangopitiriza kukwera pang'onopang'ono. Ndimangoona khosi lawo thukuta lili kamukamu.

Pakatikati pa chitunda Jessie anakoka mpweya n'kukhala chete. Kanthawi kochepa, koma ndinakuwa dzina lake. Bambo ake atamva anaponda mpaka pansi. Zimene ndinamva mu paipimo si mtedzanso ayi, zinali nyundo zenizeni, ngati anthu akuswa miyala m'mutu mwanga. Mtima wanga wonse umati pondani, pondani, thamangani. Koma pakamwa panatuluka kuti, "Chotsani phazi!" Iwo anati, "Mwana!" Ine ndinati, "Chotsani, tikafika!" Anachotsa. Mmene anathera kuchotsa sindikudziwa, ndi mwamuna ameneuja. Nyundo zinaleka, mwana anatsokomola n'kuyambanso kamluzu kake, ndipo ine chibadwire sindinakondwerepo ndi kamluzu kameneko koma dzulo.

Kuchoka apo tinayenda choncho. Ndikati "bwino" amawonjezera pang'ono, ndikati "basi" amabweza. Tinafika. Iwo akuti zinali mphindi makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ati maso anangopita okha pa wotchi. Anamwino anamuthamangira, anamuveka chophimba kumaso chotulutsa nthunzi ya mankhwala, pofika madzulo anapempha nthochi. Lero wafunsa ngati thumba la diresi lasokedwa.

M'mawa uno bambo ake amasula mapulagi pansi pa mtengo wa kesha kunja kwa geti, n'kubwera nawo mu wodi atakulunga mu mpango ngati mazira. Atatu ali ndi timadontho ta tsabola tija. Ya nambala firii kansonga kake kadyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Makiyi aika m'manja mwanga, ndamanga pa nsonga ya chitenje. Akuti sailizanso mpaka mubwere.

Ndiye mantha anga tsopano ali apa. Adokotala akuti akapitiriza bwino atitulutsa Loweruka, atipatsa chopopera chatsopano, koma achenjeza kuti mvula isanagwe kudzazimitsa utsi ndi fumbi, zikhoza kubwerera tsiku lililonse. Tikapita kumudzi galimoto n'kutsala pano, ndiye kuti tabwerera ku njinga. Tikaitenga ili chonchi, sindikudziwa ngati ingapirire chitunda china chimodzi. Pa 2 Novembala ndi kutali, achimwene. Auzeni abwana anuwo kuti magalimoto awo asanu ndi awiriwo alibe mphumu. Kwerani basi yoyamba mawa. Mutenge nyali ija, mapulagi anayi, ndi chilichonse choyezera ngati pisitoni ikadali yamoyo. Chonde bwerani, kusache kawiri.

Kalatayi ikubwera pa foni ya bambo a Jessie, ajambula okha. Akuti ndiwasiyire malo pansipa.

Mlongo wanu,
Benedeta

Alamu,

Kulira kuja ndinakumva Lachiwiri. Ndinasowa poyambira kunena. Bwerani mawa, ndikakuchingamirani ndi njinga pa Nsaru, pa siteji pomwepo, ondiseka aja aone. Musaiwale kyutekisi. Kamzereko ndidzajambula ndine.

Owen